Matimati a bambo a Praise

A Dickson anabwera ku Nkhulambe kudzakwatira Bertha ali ndi njinga ndi khasu basi. Anali mkamwini wolimbikira, mowa osalawa, woti mwana wawo Praise akalira ankamubereka kumbuyo osachita manyazi. Vuto linali limodzi. Akapita kudimba kukathyola matimati, dengu linkabwera losakaniza, akupsa ndi aawisi omwe, enanso ophwanyika chifukwa chowatsinatsina.

"Kodi mumathyola mutatsinzina, bambo a Praise?" Bertha ankafunsa. Iwo ankangoseka mwamanyazi. Zaka zinayi zathunthu, Bertha ankati ndi mwano.

Chaka chimene mbewa zinafukula mbewu m'munda, amayi ake a Bertha anati amangirire nsanza zofiira pa timitengo, ati mbewa ziziyesa moto. Anatuma a Dickson kukagula malaya ofiira pa kaunjika. Anabwera ndi obiriwira.

"Mkamwini ameneyu amatinyoza dala!" anakalipa apongoziwo. "Lamlungu ankhoswe abwere, azipita kwawo."

Lachisanu, a Eneya, alangizi a zaulimi, anapeza Bertha m'munda akung'amba chitenje chake chofiira.

"Mayi, mukuwononga chitenje pachabe," anatero. "Mbewa siziona chofiira ngati ife. Ophunzira anayeza maso ndi ubongo wake. Diso limatola kuwala, ndiye ubongo, kunkhongo kuno, umasiyanitsa mitundu. Koma diso la mbewa silitola bwino chofiira. Ngakhale anthu ena amabadwa osasiyanitsa chofiira ndi chobiriwira, makamaka amuna."

Nsanza inagwa m'manja mwa Bertha. "Anthu? Anthu enieni, oyenda ndi miyendo iwiri?"

Sanatsanzike n'komwe. Anathamangira kunyumba, nkuika matimati awiri pa mbale, lina lofiira psuu, lina laliwisi, pamaso pa amuna ake amene ankamata chubu cha njinga.

"Osagwira! Lakupsa ndi liti?"

A Dickson anayang'ana, kuyang'anitsitsa, dzanja likunyamuka lokha kufuna kutsina. Kenaka anadzutsa mutu.

"Mayi a Praise, kodi inu mumadziwa osagwira?"

Bertha anakhala pansi pomwepo. "Mayo ine! Ndiye masiku onsewa mumaona chiyani?"

"Matimati. Ofanana. Ndinkayesa aliyense amatsina, kungoti anzanga muli ndi zala zachangu."

Bertha anakumbukira mawu onse amene anawanenapo amuna ake, ena pamaso pa anthu. Anagwira pakamwa.

Lamlungu ankhoswe atakhala pakhonde, Bertha anatulutsa mbale ija, nkufunsanso funso lomwe lija. A Dickson analoza laliwisi. Amalume ake a Bertha anasinthanitsa matimatiwo kuseri kwa msana katatu, ndipo a Dickson anaphonya kawiri.

"Aaa! Zoona izi?" amayi ake a Bertha anatero, maso ali tong'o.

"Zoona, amayi. Amuna anga sapita kulikonse. Matimati ndizithyola ine, iwo azipalasa njinga kupita nawo kumsika. Ndipo nsanza zija mukachotse, mbewa sizikuziopa."