Bokosi la Zeferino

Ku Baucau chilichonse chokhala ndi chivundikiro timangoti kaisha, ndipo makaisha ambiri m'tauniyi anatuluka m'manja mwa Ermelinda: onyamulira nsomba, osungiramo nsalu zathu zoluka pamanja zotchedwa tais, okhalapo amayi pamsika. Ukalipentala anauphunzira kwa mwamuna wake Zeferino, ndipo bamboyo atafa ziwalo, macheka onse anatsalira iye. Anthu ankati mkazi wanji wonunkha utuchi. Iye ankangolavula malovu ofiira a mtedza wa buwa umene ankatafuna, n'kupitiriza kupala thabwa.

Zeferino atamwalira, Ermelinda sanakhale pamphasa ndi amayi olira. Analowa m'shedi n'kukhoma bokosi la mwamuna wake, la matabwa amene awiriwo anaumitsa okha.

Ndiye kunatulukira Anacleto, mkulu wake wa malemu, ndi bokosi logula kumzinda waukulu wa Dili, lonyezimira, zogwirira zake zagolide wabodza.

"Mlamu, tasiyani zimenezo," anatero Anacleto. "Abale anu akafika ndi nkhumba ndi nsalu zawo atiseke kuti banja lonseli talephera kugula bokosi? Munthu wa m'nyumba yathu sagona m'bokosi la nsomba."

"Mabokosi a nsombawo ndi amene amudyetsa zaka zonse wadwalazi, alamu. Inu munali kuti?"

Anacleto anangokodola amuna kuti akanyamule thupi. Koma amunawo asanafike n'komwe pakhomo, Ermelinda anavula patapata, n'kulowa m'bokosi la ku Dili lija, n'kukhala tsonga, manja atapinda.

"Ili ladzaza," anatero. "Mukafuna khomani, mutiike tonse."

Pamaliro ponse panabuka phokoso! Azakhali anamunyengerera, amalume anamuopseza kuti mizimu ya makolo ikwiya, wina mpaka anamukoka dzanja. Mayi uja osasuntha. Mtima unkamuwawa koopsa, koma anali atatsimikiza kuti mwamuna amene anamusambitsa ndi kumutembenuza yekha zaka zonsezo sapita m'bokosi lopangidwa ndi anthu osamudziwa.

Dzuwa linakwera, wansembe akudikira kutchalitchi, ndipo ndi kutentha kumeneko thupi silidikira mikangano ya amoyo. Anacleto anapukuta thukuta n'kuyang'ana kumbali.

"Chitani zimene akufunazo."

Ermelinda sanatuluke mpaka ataona ndi maso ake Zeferino atagonekedwa m'bokosi la m'shedi, nsalu za tais zitamufunda bwinobwino. Apo m'pamene anadzuka n'kutenga hamala. Amuna anafuna kumulandira, iye anakana. Misomali yonse anakhoma yekha, akulira mokweza, osaphonya ngakhale umodzi.