Bokosi limene ndinabweza

Ine ndine kalipentala. Sukulu ndinalekezera sitandade faifi, koma desiki imene ndakhoma ine sigwedera. Ndagwira ntchito zaka zambiri pa sukulu ya mishoni kuno ku Makanjira, ndili Msilamu. Akhristu a pamishoni akamwalira, bokosi ndimakhoma ndine. Imeneyo ndi ntchito basi. Lachisanu ndimatseka shedi n'kupita ku mzikiti, ndipo palibe mphunzitsi wamkulu amene anandiletsapo.

Amishonale awiri anafika m'nyengo yotentha, atakwera lole ya nsomba. Anali azungu okalamba, bambo ndi mkazi wake. Kwawo anali atapuma kale pa ntchito. Akuti asanabwere kuno anatumikirapo pa sukulu ina ku Samoa, chilumba cha pakati pa nyanja yamchere. Anawapatsa nyumba ya kuseri kwa tchalitchi. Denga lake linkadontha, ndinakakonza ine.

Moyo wawo unali umodzimodzi tsiku ndi tsiku. M'mawa ankazungulira bwalo la mpira atagwirana manja, ana akuwaseka. Kenako amayiwo ankalowa m'kachipinda ka mabuku kukaphunzitsa ana kuwerenga. Kutentha kunkawasautsa. Ankanyowetsa nsalu n'kuiika pakhosi, koma kalasi sankajomba. Lamlungu masana onse awiri ankakwera pachulu cha kuseri kwa sukulu, pamene foni imagwira, kuti ayankhule ndi adzukulu awo. Potsika amayiwo ankakhala maso ali ofiira. Palibe ankawafunsa.

Abambowo ankabwera ku shedi kwanga. Kwawo anali mphunzitsi wa masamu, koma ankakonda matabwa. Zala zawo zinali zopindika ndi nyamakazi. Tsiku loyamba anagwira puleni yopalira matabwa ngati akugwira khasu.

"Mukuwononga thabwa, akulu," ndinatero.

"Ndiphunzitseni, amisiri," anayankha.

Ndinawaphunzitsa. Chichewa chawo chinali chochepa, Chingerezi changa panalibe. Tinkagwira ntchito osayankhula, iwo agwira thabwa, ine ndikucheka. Akalakwitsa ndinkawalanda chida m'manja, ndipo sankakwiya. Tinakonza madesiki a makalasi onse. Ine ndilibe anzanga ambiri, sindikonda zocheza. Koma tsiku limene sanabwere ndinkayang'ana pakhomo kawirikawiri.

Alamu anga, mchimwene wa mkazi wanga, sankakondwa nazo. Ndi msodzi, ndipo pakamwa pawo sipatopa.

"Alamu, mubatizidwa liti? Mutiuziretu tidzabwere kudzadya mpunga," ankatero pamaso pa anthu.

"Inu kokani khoka lanu," ndinkayankha.

Sanali okha. Ku mzikiti ena ankanong'ona kuti mmisiri uja wadya zambiri za ku mishoni, Chisilamu changotsala pa chisoti. Ndinkamva. Bambo anga anamanga nawo mzikiti umenewo. Dzina lawo sindinafune kuti lithere pa ine.

Chaka chachiwiri mkazi wanga anadwala. Miyendo inatupa, kupuma kunkavuta. Amayi a ku mishoni aja ankabwera madzulo aliwonse sukulu ikaweruka. Ankakhala pamphasa movutikira, mawondo akulira, n'kumamusisita mapazi ndi mafuta. Zimene ankakambirana sindikuzidziwa, koma mkazi wanga ankaseka. Abale ake enieni sankabwera chotero.

Anamwalira Lachiwiri kutangocha. Sukulu inali pa holide, aphunzitsi onse atapita kwawo.

Ife Asilamu sitigoneka maliro. Munthu timamusambitsa, kumukulunga m'nsalu yoyera yotchedwa sanda, n'kumunyamula pa machira otchedwa jeneza kupita kumanda tsiku lomwelo. Thupi limagona padothi. Bokosi ayi. Mwana aliyense kuno amadziwa zimenezi. Ine ndinagwira ntchito ndi abambo aja chaka ndi theka, koma sindinawauzepo. Iwo ankangondiona ndikukhoma mabokosi a Akhristu.

Dzuwa litafika pamutu, amuna tinali titakhala pansi pa mtengo wa mango, tikudikira kuti azimayi amalize kusambitsa. Ashehe analipo, alamu anga analipo, mudzi wonse. Kenako tinamva kulira kwa wilibala. Anali abambo aja akukankha, amayiwo atagwirizira m'mbali kuti katundu asagwe. Pa wilibalapo panali bokosi. Anali atayenda nalo kuchokera ku sukulu, mumchenga, dzuwa lonselo. Anthu anawaona m'njira, koma palibe anawaimitsa.

Abambowo anaimika wilibala patsogolo panga. Malaya awo anali atanyowa. Zala ziwiri anali atazimanga ndi kansalu.

"Amisiri," anatero, akupuma movutikira, "si bwino mukhomere nokha mkazi wanu. Ndakhoma ine."

Ndinayang'ana bokosilo. Anagwiritsa matabwa a mlombwa amene ankasungira shelefu ya mabuku ya akazi awo. Ngodya zinali zolumikizana bwino, monga ndinawaphunzitsira.

Alamu anga anayankhula osakweza mawu, koma aliyense anamva.

"Alamu, katundu wanu wafika. Munaitanitsa liti?"

Wina anatsokomola. Ashehe anandiyang'ana. Ndinadziwa kuti ndikayankha mofatsa, mawa mudzi wonse udzati ndinapangana nawo, ndinafuna kuika mkazi wanga ngati Mkhristu. Ndinaimirira.

"Chotsani chinthu chanucho pano," ndinatero mokweza. "Mkazi wanga si wa tchalitchi chanu. Ndani wakuitanani?"

Pamaliro saitana munthu. Ndinkadziwa zimenezo pamene ndinkayankhula. Abambowo sanamve mawu onse, koma nkhope yanga anaimva. Anavula chipewa. Amayiwo anayang'ana kunyumba kumene kunali mnzawo, ngati akufuna kulowa. Sanalowe. Anatembenuza wilibala, tayala n'kutitimira mumchenga. Abambowo anakankha kawiri, osatheka. Palibe anadzuka kuwathandiza. Inenso sindinadzuke. Ulendo wachitatu inayenda.

Tinaika maliro bwinobwino, monga mwa malamulo. Pobwera kumanda ashehe anayenda pafupi nane.

"Anthu aja sanadziwe," anatero chapansipansi. "Mukanangowatengera pambali."

"Zachitika," ndinayankha.

Kuchokera tsiku limenelo kunong'ona kunatha. Alamu anga ankauza anthu kudoko kuti mlamu wawo ndi mwamuna, anathamangitsa azungu. Ankanena monyadira. Ndinkachokapo akayamba.

Nditamaliza sadaka ya masiku asanu ndi awiri ndinabwerera ku shedi. Bokosi linali pakona, atalifunda ndi lona. Zida zanga zinali zitapukutidwa, chilichonse pamalo pake. Abambowo anabwera m'mawa womwewo n'kuima pakhomo, osalowa.

"Amisiri, pepani. Ndinalakwa. Sindinafunse."

Ndinali ndi mawu okonzeka, ndinawaganiza sabata yonse. Koma chiyambire sindinapepesepo mwamuna mnzanga.

"Zatha," ndinatero, n'kupitiriza kunola sowo.

Anadikira pang'ono, kenako anapita. Masiku otsatira ankabwerabe, koma ankagogoda asanalowe, ndipo sankagwira chida ndisanawauze. Kenako anayamba kudumpha masiku. Amayiwo anandiuza kuti amuna awo manja akuwapweteka. Mwina zinali zoona. Amayiwo ankandipatsabe moni mwaulemu, koma za mkazi wanga sanatchulenso. Bokosi lija tinaikira mayi wina wamasiye wa pamishoni amene analibe abale.

Nthawi ya amishonale aja inatha mvula itayamba. Ana anawaimbira nyimbo pabwalo, aphunzitsi anayankhula. Ine ndinali ku shedi, ndikumva zonse. Lole inaima pamsewu, pafupi ndi golosale pamene alamu anga ndi anzawo ankasewera bawo. Kuti ndikatsanzike ndinayenera kudutsa pamaso pawo.

Ndinavula epuloni. Ndinayenda mpaka pa geti la sukulu. Ndinaona abambowo akukwezedwa m'lole ndi anthu awiri, chifukwa mwendo sunkafika. Atakhala pansi anayang'ana cha ku shedi, osati ku geti. Sanandione. Ndikanaitana akanamva, sipanali patali.

Lole inanyamuka. Ndinaima pagetipo mpaka mlonda anandifunsa ngati ndikudikira munthu. Ndinati ayi.