Kalata Yochokera ku Parishi ya Kwawo

Anzanga, Abson ndinakumana naye mu Meyi 1996, m'minibasi yochokera ku Lusaka kupita ku Chongwe. Ine ndinali kuwerenga buku, iye n'kumasuzumira.

"Musatsegule peji ina, sininatsirize," anatero.

Ndinaseka mpaka buku linagwa.

Kwawo kunali ku Katete, koma ankagwira ntchito ya mkaka ku Palabana. Loweruka lililonse ankapalasa njinga kudzandiona kusukulu ya mishoni komwe ndimaphunzitsa. Munthu wofatsa, wosamwa, woimba bwino m'kwaya.

Patatha chaka anabwera kwathu ndi amalume ake. Amayi anandikokera pambali.

"Ni Mkatolika?"

"Wobatizika, amama."

"Basi, mtima wakhala pansi. Aja osudzulana ku local court tsiku na tsiku si a mpingo wathu."

Tinapita kwa akatekisiti athu, ba Langford, kuti ukwati ulengezedwe m'tchalitchi. Anapempha makadi a ubatizo. Abson anati lake linasowa.

"Palibe vuto," anatero ba Langford. "Tizalemba kalata ku parishi ya kwanu."

Kuyambira tsikulo Abson anasiya kuseka. Kwaya anasiya. Akabwera ankangoti, "Rosaria, bwanji tingomangitsa ku boma? Izi za kutchalitchi zichedwa maningi."

Ine ndinkayesa ndi changu cha chikondi...

Yankho linafika patapita milungu isanu. Misa itatha, ba Langford anatiitanira mu ofesi n'kutseka chitseko. Kalata inali pathebulo, dzanja lawo lili pamwamba pake.

"Ba Abson, Tisauke ni ndani?"

Ba Langford anatambasula kalata ija n'kupitiriza.

"Buku la kwanu likamba kuti munamanga naye ukwati woyera mu 1989. Ali moyo?"

"Ali moyo... Koma tinasiyana! Khoti inathetsa, pepala nili nalo!"

"Pepala la khoti kuno silisebenza, mwana wanga. Kwa ife uja akali mkazi wanu."

Ndinatuluka panja. Abson anandipeza kuseri kwa tchalitchi, anthu akutiyang'ana chapatali.

"Nenze kuyopa, Rosaria. Sembe ninakuuza, sembe unanikana."

"Unaniona nikupimitsa diresi, iwe uli chete?"

"Sorry. Koma tiye ku boma. Kapena ku mpingo wina, amamangitsa osavuta."

Ndinkadziwa chimene ankandipempha. Lamlungu lililonse ndizitsala pa benchi anzanga akupita kukalandira Ukaristia, mwina mpaka imfa. Amayi azikhala pafupi nane atawerama.

Ndikuuzeni zoona, anzanga, ndinatsala pang'ono kuvomera. Ndawerenga zambiri, ndipo ndikudziwa kuti maukwati amatha ngakhale kwa anthu opemphera. Ena amangosiyana nyumba, mayina n'kutsala pamodzi m'buku la mishoni. Sindinafune kumuweruza.

Ndinangomufunsa chinthu chimodzi.

"Ana alipo?"

Anayang'ana nsapato zake.

"Abson, ana alipo?"

"Awiri."

"Unawaona liti?"

"Papita zaka zinayi."

Ndinavula mphete ya chitomero imene anandipatsa n'kumuikira m'thumba la shati. Sananditsatire.

Lero papita milungu itatu. Diresi likadali kwa atelala, sindinapeze mphamvu yokalitenga. Amayi akuti ndiyamike Mulungu kuti ndapulumuka, koma ine chakudya chikundikanika.

Kusudzulana kwake ndikanakumvetsa. Chimene chikundipweteka n'chakuti kwa chaka chathunthu ndinamuuza zanga zonse, pamene iye za ana ake anandiuza pokhapokha nditafunsa kawiri.