Ndinavomera Kuti Alamu Anagwa Okha

Lero Loweruka, m'kuzizira kwa mwezi uno wa Juni, ndimasenda kachewere pakhonde pamene ndinaona alamu anga akulephera kunyamula ndowa ya madzi. Dzanja lawo likadali lotupa. Inu owerenga, pa dzanja limenelo inenso ndili ndi mlandu, chifukwa ndinanama.

Ndine mtsikana wa Fomu 3, wamanyazi, ndipo zambiri ndimangouza kope langa. Achimwene anga, amuna awo a alamuwo, amacheka matabwa kuphiri. Chaka chatha anagula foni, anzawo akuntchito n'kuwaikiramo makanema olaula. Lamulungu masana ankaunjikana kuseri kwa khola, kuonera uku akuseka. Ine ndinkangodutsa nditawerama.

Pang'ono ndi pang'ono kayankhulidwe kawo kanasintha. Mayi wina m'mudzi mwathu atamenyedwa ndi mwamuna wake, achimwene anati, "Aaa, akazi amazikonda zimenezo, kulirako n'kunamizira." Awa ndi achimwene omwe ankandibereka powoloka mtsinje ndili Sitandade 1.

Mwezi watha ndinawaona ndi maso angawa akupotokola dzanja la alamu, ati chifukwa anawayankha. Ankhoswe atabwera, alamu ananena kuti anagwa potsetsereka ndi mtolo wa nkhuni. Amalume, omwe ndi nkhoswe ya kwathu, ananditembenukira: "Iwe unalipo. Zinali choncho?" Ndinayang'ana pansi n'kuti eya. Nkhani inathera pomwepo.

Lachinayi aphunzitsi anatiuza kuti ofufuza apeza kuti amuna ozolowera makanema otere, makamaka oonetsa nkhanza, kawirikawiri amaona kuzunza akazi ngati nkhani yaing'ono. Anati si onse, ndiponso si chifukwa chokhacho. Koma ine ndinamva ngati akuwerenga kope langa.

Sindikunena kuti foni ndiyo inapweteka alamu. Anawapweteka ndi achimwene, ine n'kuwaphimba. Atsikana anzanga, mukamva munthu wa m'nyumba mwanu akuseka misozi ya mkazi, musadikire kuti dzanja litupe. Ndipo akakufunsani zimene munaona, nenani, ngakhale mawu akunjenjemera.

Nditawalandira ndowa ija, alamu anandinong'oneza kuti, "Usadandaule, mlamu wanga, lipola." Lipoladi, koma dzanja linalo latsala, ndipo achimwene sanasinthe.

Mawa tikatuluka Misa yoyamba ndikadikira amalume panja pa tchalitchi, ndikawauze kuti ndinanama. Mawu akakandithawa, ndikawapatsa kope. Tsamba lomwe ndinalembapo zoona zake ndalipinda kale.