Mwala umene amuna anga anaukonza

Zaka zimene mafoni a m'manja anayamba kufika m'midzi, ine ndi amuna anga tinkakhala m'mudzi wina kufupi ndi Champhira. Kwathu ndi ku Dowa tonse awiri. Iwo ankacheka matabwa m'nkhalango ya paini ku Viphya, ine n'kumatsala pakhomo. Nyumba tinkachita lendi kwa mayi wina wamasiye, amene ndinkangowatchula kuti amama monga ankachitira aliyense m'mudzimo. Ndinali ndi pathupi. Mimba ziwiri zoyamba zinapita padera, ndiye iyi ndinkayenda nayo ngati ndasenza dengu la mazira.

Foni tinali nayo, koma netiweki inalibe nafe chibale. M'mudzi monsemo inkapezeka malo amodzi okha, pamwamba pa thanthwe lalikulu kuseri kwa madimba, limene eni ake ankati jalawe. Njira yake inali yoyendeka bwinobwino mpaka pafupi ndi pamwamba, pamene thanthwelo linaima njo ngati khoma, kutalika kwake kupitirira denga la nyumba. Apo pankafunika manja ndi miyendo yomwe. Panali timaenje topondamo, ndi mwala umodzi wotulukira kunja, wooneka ngati khasu, umene aliyense ankaugwira kuti afike pamwamba. Mwala umenewo unkagwedera. Ukaugwira unkalira kuti gubudu, mtima wako n'kuyankha chimodzimodzi.

Eni mudzi anali atauzolowera. Tsiku loyamba kukwera, amama anandiuza kuti, "Osakoka chomene, mwana wane. Ungoukanikiza pansi waka, mbwenu wakwera." Ndipo zinalidi choncho. Aliyense ankaugwira mwaulemu, n'kudutsapo msanga.

Chimene chinkandikweza kumeneko anali mayi anga. Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi ankabwereka foni kwa mwini golosale wa kwathu, n'kukhala pakhonde kudikira kuti ndiimbe. Ankandifunsa zimene ndadya, mmene ndagonera, ngati mwana wayamba kutakataka. Ndikamva mawu awo, sabata yonse ndinkakhala mtima uli m'malo. Amuna anga zimenezi sankazimvetsa.

"Mayi, kuthanthwe kuja musiye," anatero tsiku lina. "Mundipatse uthengawo ndikanene ine."

Ndinaseka mpaka misozi. "Inuyo abambo? Mukawauze apongozi anu kuti miyendo yatupa, m'chiuno mukukoka? Munthu amene mukawaona akubwera panjira mumalowa patchire?"

"Nanga mwala uja ukakugwetsani?"

"Ukagwetse ine ndekha, m'mudzi monse muno? Ngati ukukusowetsani tulo, kaukonzeni."

Ndinangolankhula poti pakamwa panga sipachedwa. Iwo anazitenga zenizeni.

Munthu wocheka matabwa ali ndi mankhwala amodzi a matenda onse, ndiwo chikhomo. Sowo ikamapanika m'chipika, amakhoma chikhomo mumng'alu. Tebulo likamagwedera, chikhomo. Khasu likakhwepa pampini, chikhomo. Ndikanati ndidandaule kuti dzino likugwedera, amuna anga akanandikhomera chikhomo m'kamwa. Choncho Loweruka lina mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, anabwera ndi anzawo awiri a kuntchito atanyamula makwerero, hamala, simenti yotsala pamene wina ankakonza khonde lake, ndi zikhomo za paini zouma gwa zimene anazisema okha. Ndinafunsa kuti bwanji osangosiya makwererowo pathanthwepo. Anati kukanacha atathera pamoto, ndipo apo sindinawatsutse.

Ndinapita kukaonerera, nditakhala pamthunzi ndi amama. Kuseri kwa mwala uja kunali mng'alu wolowa chikhatho. Anayamba ndi kuchotsamo dothi ndi timizu ndi kawaya. Kenaka amuna anga anakhoma zikhomo mumng'alumo, chimodzi pamwamba, zina m'mbali, akumenya pang'onopang'ono n'kumagwedeza mwalawo kuti amve. Kulira kuja kunayamba kuchepa mpaka kunatheratu. Pomaliza anamata simenti kuzungulira, n'kusalaza ndi supuni yanga ya kukhitchini imene sanandipemphe. Zikhomo zonse zinabisika. Anaikapo nthambi za minga kuti anthu adikire simenti iume.

Itauma, amuna anga analendewera pamwalapo ndi manja onse awiri, miyendo ili m'malere, akundiyang'ana. Mwala uli zii. Ndivomere kuti ndinanyada. Amama anaomba m'manja n'kunena kuti, "Yewo chomene, adada! Imwe mwatithandiza." Bambo wina wa kutchalitchi kwathu anati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo amuna anga anayenda sabata yonse mapewa ali m'mwamba.

Kuchokera pamenepo ulemu uja unatha. Anthu anayamba kuukoka mwalawo ndi mphamvu zawo zonse. Azimayi ankakwera ana ali kumbuyo. Inenso mimba ikukula ndinkadzikoka nawo mopanda mantha, mwinanso ndikucheza ndi wa pansi.

Mvula inayamba mu Disembala, ndipo sabata ina inagwa yosalekeza. Chitseko cha nyumba yathu chinatupa n'kumakana kutsekeka, amuna anga n'kuchipala uku akung'ung'udza. Kunkhalango misewu inali matope okhaokha, choncho Lamulungu limenelo anali pakhomo. Titaweruka kutchalitchi kunayera pang'ono. Ndinamanga foni pakona ya chitenje. Iwo anati andiperekeza poti thanthwe lanyowa, amamanso anati atsagana nafe kuti akafulashe mwana wawo wa ku Joni.

Titafika pakhoma paja, amama anatsalira pambali akupuma. Amuna anga anati, "Dikirani mayi, ndiyambe ndaona ngati sipakuterera." Anavula nsapato n'kuyamba kukwera. Ine ndinaima pansi pawo penipeni, ndikukonza chitenje kuti ndikwere pambuyo pawo.

Ndinamva kaphokoso ngati mbiya ikung'aluka. Nditati ndiyang'ane m'mwamba, zinyenyeswa za simenti zinandigwera m'maso, ndipo ndinatsinzina. Kenaka mphepo inandiomba patsaya, nthaka n'kugunda pansi pa mapazi anga.

Nditatsegula maso, amuna anga anali chigonere pambali panga, poti ndikanatambasula mwendo ndikanawakhudza. Mwala unali padzanja lawo lamanja. Koma sunali mwala wonga khasu umene tinkaudziwa. Chimene tinkagwira chija inali nsonga chabe. Chonsecho chinali chiphanthi chachikulu ngati chitseko cha khola la mbuzi, ndipo pakhomapo panatsala chibowo choyera mbee.

Sindinalire, sindinakuwe. Ndinangoima kakasi, manja ali pamimba. Ndikukumbuka kuti ndinkayang'ana nsapato zawo zili bwinobwino pamene anazivula, ndikudabwa kuti zatheka bwanji kuti nsapato zili bwino mwini wake ali chonchi. Amene anakuwa ndi amama. Anathamangira kumadimba akufuula, "Ndapota, zaninge! Munthu wafwa kuno!" Amuna anga sanafe. Maso anali otsegula, akupuma mofulumira, milomo itayera. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

Azibambo anabwera ndi mitengo n'kutukula mwalawo. Dzanjalo sindilifotokoza. Amama analikulunga ndi mpango wawo wa kutchalitchi, ndipo mpangowo sunachedwe kusintha mtundu.

Pamene ankawanyamula, ndinaona zikhomo zija zitamwazika pansi. Ndinatola chimodzi. Chinali chonyowa, cholemera, chonenepa kuposa mmene chinalowera. Mmodzi wa anzawo aja, amene ankakhala m'mudzi momwemo, anali atafika. Anachitenga m'manja mwanga, n'kuchifinya, madzi n'kutuluka. Anayang'ana chibowo chija, n'kugwira pakamwa.

"Zatupa ndi mvula, alamu," anatero. "Madzi amalowera pamwamba, kuseri kwa simenti. Zakhala zikuukankha mwalawu."

Anthu amene tsiku ndi tsiku amauza ogula kuti thabwa likanyowa limatupa! Munthu amene sabata yomweyo ankapala chitseko chotupa m'nyumba mwake! Kuntchito kwawo chikhomo chimakhala mumng'alu kanthawi kochepa, chipika chikatha amachichotsa, ndiye palibe mwa atatuwo amene anaganizapo za chikhomo chogona m'mwala mpaka dzinja. Ndipo ine, masabata onsewo, ndinkalendewera ndi mwana wanga pa chinthu chimene chinkakankhidwa pang'onopang'ono kuchokera mkati. Ndinakhala pansi pamatope pomwepo.

Lole ya matabwa inatitengera kuchipatala chaching'ono, kumeneko n'kutitumiza ndi ambulansi ku Boma. Madokotala anapulumutsa dzanja, koma zala zapakati zinapita, ndipo nthiti zina zinali zitathyoka. Namwino wina ataona mimba yanga ndi matope ali m'chitenje, anandikokera m'chipinda n'kundipima. Anati mtima wa mwana ukugunda bwino. Apo m'pamene ndinalira koyamba, mpaka namwinoyo anandisiya ndekha.

Mantha atachepa, kunabwera mkwiyo. Ine ndikapsa mtima sindisunga. Ndinkagona kumalo a odikirira odwala, m'mawa n'kumawapititsira phala kuwodi, ndipo phalalo linkapita ndi mawu ake.

"Munthu wamkulu ngati inu, mwala ukuchoka, inu n'kumaukakamira? Mapazi anali m'maenje. Bwanji osangousiya? Pano tidya chiyani? Sowo muzikoka ndi mano?"

Ankangoyang'ana kudenga. Odwala a pabedi loyandikana ankanamizira kugona. Ndinkadziwa kuti ndikulasa munthu wovulala kale, koma ndikaona bandeji ija mtima unkawira, poti kwa ine chinali chibwana chachiwiri pamwamba pa choyamba.

Patapita masiku, amama anabwera ku Boma pa minibasi atanyamula mbatata ndi nkhuni pang'ono. Anandipeza ndikuchapa pampopi, ndipo ndisanawalonjere bwinobwino ndinayamba kuwakhuthulira zomwezo, kuti amuna anga ndi ouma mutu, akanausiya mwalawo bwenzi ali ndi zala zawo.

Amama anatula katundu wawo pansi.

"Kasi iwe sunaone, mwana wane?"

"Ndinali nditatsinzina, amama. Simenti inandilowa m'maso."

"Ine ndinaona makora. Libwe lija, chimwala chija, linachoka likubwera pamutu pako. Adada aja anali ataponda bwino, akanalisiya iwo akanatsala pakhoma. Mbwenu anayang'ana pansi, anakuona. Analikumbatira pachifuwa ngati mwana, n'kudzikankha ndi miyendo kuti agwere nalo kumbali."

Madzi ankasefukira m'beseni, ine osatseka mpopi. Ndinawafunsa kuti abwerezenso, ndipo anabwereza mawu omwewo, akusonyeza ndi manja mmene anachitira. Mayi wina amene ankadikira kutunga ndi amene anatseka mpopiwo.

Ndinapita kuwodi manja ali ndi thovu. Sinali nthawi yoona odwala, koma mlonda atandiyang'ana kumaso anangondisiya. Amuna anga anali atakhala tsonga, akuyesa kusenda nthochi ndi dzanja lamanzere. Ndinaima kumapazi kwa bedi. Pakamwa panga, pamene sipanasowepo chonena chibadwire, panauma gwa.

"Abambo," ndinatero pomaliza, "amama akuti mwala uja munachita kuukumbatira."

Sanandiyang'ane. Anapitiriza kulimbana ndi nthochi ija mpaka inagwera pabulangete.

"Ndinaukhoma ndine, mayi," anatero. "Ndikanausiyira ndani?"

Ndinatola nthochiyo n'kuwasendera. Inathyoka pakati, ndipo iwo anadya zidutswazo.

Mwana anabadwa nthawi ya chimanga chachiwisi, wamkazi, wolira mokweza. Bambo ake anamulandira ndi dzanja lamanzere. Sowo sanaigwirenso.