Zaka Zitatu ku Mgodi wa ku Kalimantan

Titaika mwana wathu wamkazi m'manda, ine ndi mkazi wanga Mwansa tinasiya kulankhulana. Sitinayambane ayi, mawu anangotha. Choncho nditamva kuti mgodi wina wa malasha ku Kalimantan, m'dziko la Indonesia, ukufuna oyendetsa magalimoto akuluakulu, ndinalembetsa. Mwansa ndinamuuza kutatsala sabata imodzi. Anati, "Muyende bwino," napitiriza kuchapa.

Za kumeneko ndimakumbukira zochepa: kutentha, matope ofiira, mpunga tsiku ndi tsiku. Masana ndinkadya ndi amakaniko awiri a mtundu wa Dayak, Yanto ndi Markus. Yanto kwawo amalankhula Chingaju, Markus Chimaanyan, ndipo ankakonda kufanizira mawu. Yanto akakweza botolo la madzi n'kunena "danum," Markus amati "ranu." Moto onse amati "apui." Zitatu ndi "telu" kwa onse, koma zisanu wina "lime," wina "dime."

"Makolo athu anali amodzi, mitsinje ndiyo inatigawa," Markus anandiuza m'Chingelezi chake chodukaduka. "Kwanu ziliko zotere?"

Ndinati ziliko. Sindinapitirize.

Mwezi ukatha ndinkalemba pafoni, "Natuma ndalama." Yankho linali, "Nalandila." Mauthengawo ndikadali nawo mpaka lero, onse ofanana. Kusungulumwa sikunkandipweteka. Ndinkangodzuka, kuyendetsa, kudya, kugona.

Kontrakiti itatha ndinabwerera kwathu ku komboni ya Mtendere. Pakhomo ndinapeza amayi anga a ku Katete ndi apongozi anga a ku Kasama ali pamphasa imodzi, akutongola nshawa. Anthu amene pa ukwati wathu anakana kudyera pamodzi! Apongozi akulankhula Chibemba, amayi akuyankha m'Chichewa, womasulira palibe. Anandilonjera bwino, kenaka anabwerera ku nkhani yawo.

Mwansa atatuluka m'nyumba ndinamufunsa, "Banabwela liti aba?"

"Mwezi wamene munayenda. Nenze nasiya kudya. Bamayo ndiye banayamba kubwela, bamai banu banakonkapo. Na mwala wa pamanda banasankha pamodzi."

"Simunaniuze."

"Simunafunse."

Sananene mokwiya. Ananditulutsira mpando uja timapatsa alendo, iye nakakhala pamphasa. Ndinakhala, chikwama chili pakati pa miyendo. Azimayi atatuwo anali kukambirana za maluwa okabzala kumanda Loweruka, ndipo dzina la mwana wathu Taonga linkatuluka m'kamwa mwawo mosavuta. Ine ndinali ndisanalitchulepo kuyambira tsiku la maliro.