Kagalasi Kodya Mitambo

Achimwene anga a Fortunato Ayaviri, ngati mukufuna kuwadziwa bwino, musawafunse za ntchito. Ingotchulani dzina la mlamu wawo, muone nkhope ikuchita mdima.

Anakula akukokolola mchere kuno ku Colchani ngati tonsefe. Atatopa ndi fosholo anayamba kuyendetsa alendo m'chigwa cha mchere, kenaka anagula droni, kandege kojambulira kaja. Luso anali nalo, bodza ayi. Dzuwa la kuno likagunda mchere limathobwa m'maso, ndiye iwo ankaveka kamera kagalasi kakuda kochepetsa kuwala, kanema nkumatuluka wosalala bwinobwino. Nyengo yamvula, madzi akayala pamchere, mitambo nkumaoneka kumwamba ndi pansi pomwe, alendo ankachita kuwalimbirana.

Vuto linali Wilfredo, mchimwene wa akazi awo, wojambula anthu osambira kunyanja ku Iquique. Akabwera kudzacheza, Nilda, mwana wa achimwene, ankangoti kakaka pafoni ya amalume akewo.

"Adadi, taonani! Madzi akuoneka mpaka pansi, miyala ndi nsomba zomwe!"

"Nsomba n'zodya, si zoonerera," achimwene ankatero, akutafuna mwaukali masamba a koka, omwe kuno timatafuna kuchotsa kutopa.

Nsanje, abale! Munthu wa imvi zake kumasowa tulo chifukwa mwana wayamikira amalume ake. Ine zinkandinyansa, ndipo ndinkawauza pamaso.

Nilda atapeza banja anapempha chinthu chimodzi: mwambo ukatha kutchalitchi, tonse tipite kumchere, bambo ake ajambule kuchokera kumwamba, iye akuvina pakati pa mitambo. Achimwene analumbira kuti kanema ameneyo amutseka pakamwa Wilfredo. Anafufuza mwakabisira mpaka anapeza chinsinsi cha mlamu wawo, kagalasi kochotsa kunyezimira kwa madzi. Anaitanitsa kawo ku Oruro. Kukayesa osakayesa, kuopa kuti madalaivala anzawo angaone nkukaulula.

Tsiku la ukwati, achimwene akukamangirira pakamera, Wilfredo anasuzumira.

"Alamu, ako n'kakunyanja. Kuno kakudyerani mitambo."

"Ehe, mwayamba mantha? Mumayesa odziwa kugula ndinu nokha?"

"Bwezeranipo kakuda kanu kaja, n'kabwino kale."

"Kaphunzitseni nsomba zanu."

Ine ndinati, "Achimwene, tamverani, mwina akunena zoona."

"Iwe Basilia, wadya zingati kwa ameneyu?"

Ndinangodzichokerapo, mtima ukuwira.

Malipenga analira. Tinathira mowa pansi kupatsa Pachamama, mayi mwini nthaka, monga mwa mwambo, anthu nkuyamba kuvina m'madzi olekeza m'akakolo, masiketi akuzungulira. Droni inakwera. Dzuwa linali litaswa mtengo, pagalasi la foni yowongolera sipankaoneka kanthu kwenikweni. Achimwene anaweramira pomwepo, akutchinga ndi chipewa, akutsinzinira, gule yense mpaka kutha.

M'mawa mwake tinadzazana m'nyumba kuti tionere pa TV. Mayo ine! Mitambo yapansi ija yangotsala chizimezime. Kagalasi kanagwira ntchito yake mokhulupirika: madzi ali mbee, pansi pakuoneka mchere wotuwa ndi mikwasa ya matayala a galimoto. Nilda ndi mwamuna wake ankangooneka ngati anthu aima m'chithaphwi kudikira basi.

Wilfredo anayang'ana nsapato zake, osanena ngakhale kuti ndinakuuzani, ndipo ndikudziwa kuti chimenecho chinawapweteka achimwene koposa. Nilda sanalire. Anangoti, "Palibe kanthu, adadi," ndi kamawu kakang'ono. Bola akanalira.

Achimwene akujambulabe alendo mpaka lero, ndi kagalasi kawo kakuda, ndipo ntchito ikuyenda. Koma chithunzi chimene chili pakhoma kwa Nilda ndi chomwe Wilfredo anangojambula ndi foni ataima pambali. N'chokongola, ndisaname. Mitambo kumwamba, mitambo pansi, aliyense akuseka, maso ali pa mkwatibwi. Chakumapeto kwenikweni kuli munthu mmodzi woweramira foni, chipewa chitaphimba nkhope.

Tikapita kukacheza, achimwene amasankha mpando wofulatira khomalo. Lamulungu lapitali, Nilda ali kukhitchini, ndinawapeza atatembenuka, akuchiyang'anitsitsa. Ndinayesa ayamba kunyoza mlamu wawo monga mwa masiku onse.

"Basilia," anatero osandiyang'ana, "mwana wanga anavina bwanji tsiku lija? Ine sindinamuone."